Khutbah ya Jumu'ah: Chitsulo, Muyeso ndi Amaanah

KHUTBAH YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini kulenga, amene anayala nthaka nadzutsa mapiri, natsetseretsa mitsinje m'makwawa ake, naika chinthu chilichonse pa muyeso wake. Tikumuyamika chifukwa cha mtendere umene watipatsa, tikumupempha chikhululuko pa zolakwa zathu, ndipo tikuthawira kwa Iye kuti atiteteze ku zoipa za mitima yathu. Tikuikira umboni kuti wopembedzedwa m'choonadi ndi Allah yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo wake ndi Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira kufikira Tsiku la Qiyaamah.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndiponso tikukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mobisika, mu mzikiti ndi pa ntchito, pakuti kuopa Allah ndiye kamba amene sadzatha pa ulendo wathu.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, ambiri mwa ife tikukumbukira mwezi wa January m'chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana anagwa m'chigawo chathu cha Tete. Mtsinje wa Revúbuè, umene umatsika kuchokera ku mapiri a Angónia, unasefukira nudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Anthu anataya miyoyo, nyumba zinagwa, galimoto zonyamula mbatatesi ndi chimanga zinaima m'njira. Tinawapempherera ovutikawo, ndipo kutero kunali koyenera. Koma madzi ataphwa, tonse tinayamba kudikira anthu amtundu umodzi: aja ovala zipewa zolimba, onyamula mapepala ndi zoyezera, odziwa kuwerengera mphamvu ya madzi ndi kulemera kumene mzati ungasenze. Funso lathu lero ndi ili: mwa anthu amenewo, ndi angati anabadwira m'nyumba zathu? Ndi angati anayamba kuwerenga Alif ndi Baa pa mkeka wa madrasah athu kuno ku Chidzolomondo?

Tasankha kuti lero tikambe za maphunziro a uinjiniya ndi luso la makina. Mwina ena akudabwa kuti nkhani ya simenti ndi nthambo za magetsi ikufunanji pa mimbari. Tiyeni tione ngati Buku la Allah lili chete pa nkhani imeneyi.

Mu Qur'an yolemekezeka muli Surah yathunthu imene dzina lake ndi chitsulo, Surah Al-Hadiid, ya nambala 57. Mu ndime 25 ya Surah imeneyi Allah watchula zinthu zitatu pamodzi: Buku, sikelo ya chilungamo, ndi chitsulo chimene chili ndi mphamvu komanso phindu kwa anthu. Taonani kulumikizana kwake. Buku limatiuza choyenera kuchita, sikelo imatiletsa kupyola malire, ndipo chitsulo chimapatsa manja athu mphamvu yochitira. Anthu okhala ndi chitsulo popanda Buku amapondereza anzawo. Anthu okhala ndi Buku popanda chitsulo amakhala odikira kuti ena adzawamangire.

Mu Surah Saba, ndime 10 ndi 11, tikumva kuti Allah anamufewetsera chitsulo Mneneri Dawud (a.s), namulamula kuti azipanga malaya ankhondo ndi kuyesa bwino kalumikizidwe ka timphete take. Mneneri, amenenso anali mfumu, analamulidwa kusamala muyeso wa kamphete kakang'ono, pakuti kamphete kamodzi kofooka kamalowetsa mkondo pachifuwa cha munthu. Ndipo mu Hadith imene anailandira Imam Bukhari, Mtumiki (s.a.w) anayamikira chakudya chimene munthu wachipeza ndi manja ake, natchula Dawud (a.s) monga chitsanzo.

Mu Surah Huud tikupeza Mneneri Nuh (a.s) akukhoma chombo pa mtunda, akuluakulu a anthu ake akumuseka akamadutsa. Allah anali wokhoza kumupulumutsa popanda thabwa ngakhale limodzi, koma anamulamula kukhoma.

Tikhalitse pang'ono pa nkhani ya Dhul-Qarnain mu Surah Al-Kahf, imene timaiwerenga tsiku ngati lalero. Iye anafika kwa anthu okhala pakati pa mapiri awiri, amene ankazunzidwa ndi Yaajuj ndi Maajuj. Anthuwo anafuna kumulipira kuti awamangire chotchinga iwo atakhala pansi. Iye anakana malipirowo, koma sanawalole kupinda manja. Anawauza kuti amuthandize ndi mphamvu zawo. Iwo anatuta zidutswa za chitsulo mpaka mpata wa mapiriwo unadzaza, anapemerera moto mpaka chitsulo chinafiira, ndipo iye anathirapo mkuwa wosungunuka. Khomalo linakhala losakwereka ndi losabooleka. Atamaliza sanadzitame, koma ananena kuti chimenechi ndi chifundo chochokera kwa Mbuye wake. M'nkhani imodzi imeneyi muli mwambo wonse wa ntchito ya injiniya: kumvetsa vuto la anthu, kusankha zipangizo zoyenera, kutsata ndondomeko, kugwira ntchito pamodzi ndi eni dera, kukana dyera, ndi kudzichepetsa pamaso pa Allah.

Akuluakulu athu, maulama a Chisilamu anagawa udindo pawiri. Pali Fardh 'Ain, udindo wa munthu aliyense payekha, monga Swala zisanu. Palinso Fardh Kifaayah, udindo wa gulu, monga kusambitsa ndi kuswalira maliro: ena akauchita, tonse tapepukidwa, koma onse akauleka, tonse tachimwa. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, anaika maphunziro a zachipatala, masamu, ulimi, kuomba nsalu ndi ntchito zina zimene moyo wa anthu sungayende popanda izo m'gulu la Fardh Kifaayah. Anadandaula poona midzi yodzaza ndi anthu okangana pa timfundo ta malamulo pomwe mulibemo Msilamu ngakhale mmodzi wodziwa kuchiza. Tikanakhala naye lero, bwenzi atatifunsa za mjigo umene wakhala wakufa miyezi ingapo chifukwa palibe woukonza, ndi za chigayo chimene chaima kudikira munthu wochokera ku Tete. Ife timathamangira maliro, ndipo tikuchita bwino. Koma kodi timathamangira chimodzimodzi kuphunzitsa mwana amene adzamange kalavati yoti mayi wapakati asafere kutsidya kwa mtsinje?

Asilamu akale anamvetsa zimenezi. Pa nkhondo ya Khandaq, m'chaka cha 5 cha Hijrah, Mtumiki (s.a.w) analandira nzeru ya Salman Al-Farisi (r.a) yokumba ngalande yotchinjiriza Madinah, ngakhale kuti inali nzeru yochokera ku Persia, ndipo iye mwini anagwira nawo ntchito yokumbayo. Mayi Zubaida, mkazi wa Khalifa Harun Al-Rashid, anagwiritsa ntchito chuma chake kulemba amisiri okumba ngalande zobweretsa madzi ku Makkah kuti a Hajj asafe ludzu. Al-Khwarizmi wa ku Baghdad analemba buku limene linabala dzina la masamu a aljebura, ndipo mbali ina ya bukulo ikuphunzitsa kawerengedwe ka chuma chamasiye. Al-Jazari, m'chaka cha 1206, anamaliza buku lofotokoza makina okweza madzi kuchokera mu mtsinje, mawotchi oyendera madzi ndi ziwiya zothirira madzi posamba m'manja. Ndipo m'masiku a makolo athu omwewa, Fazlur Rahman Khan wa ku Bangladesh ndiye anawerengera mafupa a nyumba yosanja ya Sears Tower ku Chicago, komanso denga la malo ofikira a Hajj pa bwalo la ndege la ku Jeddah. Ngakhale nthaka tapondayi ili ndi mbiri yake: Amaravi ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, navukuta mivukuto, nasula makasu amene ankagulitsidwa kutali. Luso la chitsulo si mlendo pakati pathu. Tangolisiya panjira.

Tsopano titembenuke tione chigawo chimene Allah watiikamo. Ku Songo kuli damu la Cahora Bassa, limene ntchito yake inayamba m'chaka cha 1969 ndipo madzi anatsekedwa mu 1974. Khoma lake ndi lotalika mamita 171, ndipo makina ake asanu amatha kutulutsa mamegawati 2,075. Magetsi ambiri amayenda pa nthambo makilomita oposa 1,400 kukafika pafupi ndi Johannesburg. Pa 27 November 2007 dziko la Mozambique linatenga gawo lalikulu la umwini wa damulo kuchokera ku Portugal. Koma umwini wa papepala umakwanira pokhapokha ana a dziko atadziwa kuyendetsa ndi kukonza makinawo. Ku Moatize kuli migodi ya malasha, ndi njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi kukafika ku doko la Nacala. Pa Zambezi, mu mzinda wa Tete, pali mlatho wolendewera wa Samora Machel, ndi wina wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Kuli ntchito ya nthambo zolumikiza Matambo ndi Phombeya ku Malawi, komanso chikonzero cha damu lina ku Mphanda Nkuwa. Zonsezi zili m'chigawo chimodzi ndi ife, pomwe m'midzi yambiri ya Macanga ndi Tsangano ana akuwerengabe ndi tochi ya mabatire, ndipo mvula ikagwa misewu imaterera, mbewu n'kuwolera pamunda.

Ntchito imeneyi ili ngati mafuwa atatu, ndipo mphika sukhazikika pa limodzi. Fuwa loyamba ndi mmisiri: womanga, wowotcherera, wolumikiza magetsi, makanika. Fuwa lachiwiri ndi katswiri wapakati, amene m'Chipwitikizi amatchedwa técnico: iye amawerenga pulani, amayeza malo, amayesa mphamvu ya konkire, amayang'anira makina tsiku ndi tsiku, ndipo akamva kulira kwachilendo kwa injini amadziwa pamene pavuta. Fuwa lachitatu ndi injiniya wa digiri, amene amawerengera, kujambula ndi kusaina, nasenza mlandu wonse ngati chomangacho chagwa. Pasapezeke wonyoza mnzake mwa atatuwa. Pulani yabwino m'manja mwa mmisiri wosasamala ndi manda, ndipo mmisiri waluso wopanda pulani amangoyenda mumdima. Ambiri anayamba pa fuwa loyamba, nakwera pang'onopang'ono kufika pa lachitatu.

Makomo ophunzirira alipo, ndipo ena sali kutali. Mu mzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2005, ndipo imaphunzitsa uinjiniya wa migodi, wa kuyenga miyala ya m'migodi, ndi wa makompyuta. Ku Songo kuli Instituto Superior Politécnico de Songo, kumene amaphunzitsa uinjiniya wa magetsi, wa madzi ndi wa makina oyendera kutentha. Sukulu zamtundu umenewu zimatsamira kwambiri pa kugwira ndi manja, kotero kuti wophunzira amadziwa fungo la girizi asanalandire pepala lake. Ku Ulónguè, pafupi nafe, kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ndipo likulu la yunivesiteyo ku Beira lili ndi maphunziro ena a uinjiniya. Ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane, mayi wa sukulu zaukachenjede m'dziko muno. Amene sanafike pa digiri, ku Moatize kuli Instituto Médio de Geologia e Minas, ndipo bungwe la IFPELAC limaphunzitsa ntchito zamanja m'miyezi yowerengeka. Amene ali ndi abale kutsidya kwa malire akudziwanso za MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo.

Njira yake ndi yodziwika. Mwana amalize kalasi 12 atatenga mbali ya sayansi: masamu, fizikisi, kemisitiri ndi kujambula mapulani. Kenako alembe mayeso olowera ku yunivesite, amene pa uinjiniya amatsamira pa masamu ndi fizikisi. Digiri imatenga zaka zinayi kapena zisanu, kuphatikizapo nthawi yokaphunzirira pa ntchito penipeni. Boma lili ndi ofesi yothandiza ophunzira osowa, Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo safunsa anadya phula: funsani kwa aphunzitsi nthawi yolembetsa isanadutse. Mwana alimbikirenso Chipwitikizi, chifukwa ndicho chiyankhulo cha m'kalasi, ndi Chingerezi, chifukwa mabuku ambiri a makina analembedwa m'menemo. Ana athu ambiri amene amati masamu ndi ovuta, chimene chawagonjetsa si nambala ayi, koma chiyankhulo chimene funso labweramo.

Nanga akamaliza adzagwira kuti? Ena adzalowa ku HCB ya ku Songo kapena ku EDM ya magetsi, ena ku ANE ya misewu, ku CFM ya njanji ndi madoko, ku mabungwe a madzi, ku FUNAE imene imafikitsa magetsi a dzuwa kumidzi, ku migodi, ku makampani a mafoni, kapena ku maofesi a zomangamanga a boma ku Furancungo ndi ku Tsangano. Ena adzakhala aphunzitsi, ndipo amenewa ndiwo mbewu. Koma tisakunamizeni kuti aliyense wa digiri ntchito imamudikira pakhomo. Migodi imalemba anthu malasha akakwera mtengo, ndipo imachotsa akatsika. Ubwino wa luso limeneli ndi wakuti silitha ntchito ikatha. Kuno kwathu mlimi wa mbatatesi akufuna pampu ya sola yothirira dimba m'chilimwe. Mlimi wa tirigu ku Tsangano akufuna chopunthira. Mwini chigayo, mwini njinga yamoto, mwini nyumba yofuna magetsi a dzuwa, onsewa ali ndi ndalama m'manja koma akusowa wodziwa. Riziki limachokera kwa Allah, koma mbalame imene Allah amaidyetsa imalawira m'chisa m'mamawa.

Tsopano mawu kwa inu makolo anzathu, ndipo tikudziyankhulanso ife eni. M'mera mpoyamba. Injiniya sapangidwa ku Tete kapena ku Maputo, amapangidwa mu kalasi 3, tsiku limene mwana aphunzira kuchulukitsa ndi kugawa. Chaka cha sukulu chimayamba nthawi yomweyo imene fodya akuthyoledwa ndi kusokedwa m'zigafa. Timati mwana ajombe sabata imodzi yokha athandize, sabata n'kukhala mwezi. Masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere wapansi ukasowa, wapamwamba ulibe pokhala. Mwana uja akabwerera m'kalasi sakumvanso kanthu, amachita manyazi, n'kusiya. Ife timati mwanayu alibe mutu, pomwe mutu wakewo tinaugulitsa pamodzi ndi belo la fodya. Timuope Allah pa ana athu. Pambuyo pa nkhondo ya Badr, akaidi ena amene analibe chodziombolera anamasulidwa pophunzitsa ana a ku Madinah kulemba. Asilamu anali osauka nthawi imeneyo, koma Mtumiki (s.a.w) anaona kuti mwana wodziwa kulemba ndi dipo lokwanira.

Ndipo tisasiye ana aakazi m'mbuyo. Kufunafuna maphunziro ndi udindo wa Msilamu aliyense. Amene amadzuka mbandakucha kukatunga madzi ndi mwana wamkazi, amene amatsokomola ndi utsi wa nkhuni ndi mwana wamkazi. Ndani angamvetse kufunika kwa mpopi ndi magetsi kuposa iye? Hijab siletsa chipewa cholimba kukhala pamutu. Kumukwatitsa mwana wa kalasi 8 chifukwa chothawa mtengo wa makope ndi kudya mbewu m'malo modzala.

Tanena zimene mwamvazi, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBAH YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, amene amadziwa zobisika m'mitima monga adziwira zobisika m'kati mwa makoma. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake, amene anthu a ku Makkah ankamutcha Al-Amiin, wokhulupirika, asanalandire uneneri.

Inu akapolo a Allah, gawo lachiwirili likupita kwa achinyamata amene adzayende njira imeneyi, ndi kwa onse amene kale agwira tepi, supuni yomangira kapena sipanala. Ntchito yanu ndi Amaanah, chinthu chosungitsidwa. Munthu akamawoloka mlatho sayamba wafunsa kuti munaikamo zitsulo zingati. Mayi akamagoneka mwana m'nyumba sagogoda khoma kuti amve ngati simenti inakwana. Akukhulupirirani osakuonani, ndipo miyoyo yawo ili m'manja mwanu.

Timve pang'ono mmene konkire imagwirira ntchito, kuti tidziwe pamene tchimo limalowera. Konkire imapirira kwambiri ikamapsinjidwa, koma imang'ambika msanga ikamakokedwa. N'chifukwa chake amaikamo zitsulo, kuti zisenze kukokako. Ikathiridwa imafuna kunyowetsedwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu imene injiniya anawerengera imayesedwa pa tsiku la 28. Tsono munthu akachotsa matumba a simenti n'kukagulitsa, akaika zitsulo zowonda m'malo mwa zonenepa, akathira madzi ambiri kuti ntchito ifewe, kapena akachotsa matabwa msanga pofuna kuthamangira malipiro, palibe diso limene lingaone. Pulasitala ndi penti zimabisa zonse. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Imam Muslim analandira nkhani ya tsiku limene Mtumiki (s.a.w) anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pa msika napeza kuti pansi pake n'ponyowa, pamwamba pali pouma. Anamudzudzula wogulitsayo, namuuza kuti wachinyengo sali m'gulu lake. Ngati zinali choncho pa mulu wa chakudya, nanga bwanji pa denga la kalasi mmene mukhala ana makumi asanu? Surah Al-Mutaffifiin, ya nambala 83, imayamba ndi chenjezo loopsa kwa ochepetsa muyeso. Tisaganize kuti chenjezolo ndi la ogulitsa chimanga pa ndowa okha. Thumba la simenti la makilogalamu 50 nalonso ndi muyeso.

Chinyengo chimenechi sichiyambira pa malo omangira. Chimayambira m'chipinda cha mayeso. Wophunzira amene waonera, kapena kholo limene lagula magiredi, apanga munthu wokhala ndi pepala lopanda nzeru m'kati. Mu Hadith ya Imam Bukhari, Mtumiki (s.a.w) anafunsidwa za mmene Amaanah idzatayikire, ndipo anafotokoza kuti ndi pamene udindo udzaperekedwa kwa osayenera. Digiri yogula ndi chiphuphu ndi mpeni woperekedwa kwa wakhungu. Ndalama zonse zimene munthuyo adzalandire zidzakhala ndi funso pa Tsiku la Chiweruzo. Kuli bwino kubwereza chaka kusiyana ndi kukhoza mwakuba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amaanah ilinso pa kusamala zimene zamangidwa kale. Anthu a ku Saba, m'dziko la Yemen, anali ndi damu lalikulu ku Ma'rib limene linkathirira minda mbali zonse ziwiri za chigwa. Atasiya kuyamika Mbuye wawo, chigumula chinaswa damulo, minda yazipatso n'kusanduka tchire. Kuyamika mtendere wa Allah si kwa pakamwa pokha. Kuthira girizi pa mjigo ndi kuyamika. Kuchotsa zinyalala m'kalavati mvula isanagwe ndi kuyamika. Kuba nthambo za magetsi, kumasula mabawuti a mlatho kapena kuzula sola ya pachipatala ndi kusayamika, ndiponso ndi kupha anthu amene sukuwadziwa. Madzi saiwala khwawa: pamene tatseka njira yawo ndi ulesi wathu, adzabwera kudzafunsa. Sitikunena kuti tsoka lililonse ndi mlandu wa munthu. Pali chigumula chimene chimaposa nzeru za omanga onse, ndipo pamenepo timagonjera chikonzero cha Allah. Koma timange ngamira kaye, kenako n'kuyadzamira kwa Iye.

Pomaliza, Amaanah ili pa anthu amene chitukuko chimawadutsa pamsana. Pamene migodi ya Moatize inkatsegulidwa, mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme, ndipo mu January 2012 anthuwo anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka, nthaka yosabereka ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Mwana wathu akadzakhala pa tebulo pamene mzere wa msewu kapena malire a mgodi akujambulidwa, akumbukire kuti pansi pa pensulo yake pali munda wa munthu, chitsime cha mudzi ndi manda a makolo. Akhale pakamwa pa amene sali m'chipindamo. Dhul-Qarnain anamanga khoma lotetezera ofooka, osati lowatsekera kunja.

Ana athu, mukadzapita ku Tete, ku Songo, ku Beira kapena ku Maputo, mudzapeza ufulu umene simunauonepo. Gwiritsitsani Swala, pakuti ndiyo levulo yoongolera khoma la moyo wanu kasanu pa tsiku. Funani mzikiti musanafune bwalo la mpira. Talikiranani ndi mowa ndi chiwerewere, zimene zagwetsa ophunzira ambiri kuposa masamu. Khalani bwino ndi anzanu a zipembedzo zina, phunzirani kwa aliyense wodziwa, ndipo adziwe Chisilamu poona kuti muyeso wanu sunama. Mukadzapata, musaiwale njira ya kwanu. Mtumiki (s.a.w) anatiphunzitsa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro othandiza anthu, ndi mwana wabwino womupempherera. Injiniya woopa Allah akhoza kupeza zitatu zonsezi pa chitsime chimodzi: madzi ake ndi sadaka, achinyamata amene anawaphunzitsa pokumba ndi maphunziro, ndipo iye mwini ndi mwana wabwino kwa makolo amene anamulipirira sukulu.

Jamaa yolemekezeka, Asilamu kuno ndife ochepa, ndipo ambiri ndife alimi ndi ogulitsa zing'onozing'ono. Banja limodzi silingathe kulipira chakudya, malo ogona ndi mabuku a mwana ku Tete kwa zaka zisanu. Koma mutu umodzi susenza denga. Tikupempha mzikiti uliwonse kuti uchite zinthu zitatu. Choyamba, akuluakulu a mzikiti akhale pansi ndi aphunzitsi a madrasah, alembe maina a ana, aamuna ndi aakazi, amene akuchita bwino pa masamu, ndipo aziwafunsa zotsatira zawo pakutha pa chigawo chilichonse cha sukulu. Chachiwiri, pa nthawi yokolola banja lililonse lipatule kangachepe, kaya ndowa ya chimanga, kaya thumba la mbatatesi, kaya mameticais ochepa, zisungidwe ndi anthu awiri kapena atatu okhulupirika, zolembedwa m'buku loti aliyense angathe kuliona. Wophunzira wosauka ali m'gulu la oyenera kulandira Zakaat. Chachitatu, amene muli ndi luso, omanga, amakanika, owotcherera, tengani mwana mmodzi pa tchuthi, ngakhale si wanu, mumuphunzitse kugwira tepi ndi kunena zoona pa zimene tepiyo yaonetsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikatulutsa ngakhale mmodzi pa zaka zingapo, tidzakhala titayamba kutula Fardh Kifaayah imene ili pa mapewa athu tonse.

Tiyeni timupemphe Allah.

O Allah, mdalitseni Mtumiki wanu Muhammad ndi akubanja kwake, ndipo musangalale ndi Abu Bakr, Umar, Uthman, Ali ndi Maswahaba onse. O Allah, tipatseni maphunziro othandiza, riziki la halaal ndi ntchito zolandiridwa kwa Inu. O Allah, tsegulani nzeru za ana athu, muwafewetsere zovuta monga munamufewetsera chitsulo Dawud. Muwateteze ku chinyengo, ku ziphuphu ndi ku kudzikweza. O Allah, apatseni mphamvu makolo amene akudzimana chifukwa cha sukulu ya ana awo, ndipo muwalipire aphunzitsi athu zabwino. O Allah, tipatseni mvula yachifundo, osati yachilango. Tetezani apaulendo pa misewu ndi pa milatho, ndi ogwira ntchito m'migodi ndi pa nthambo za magetsi. Achitireni chisoni amene anatisiya, chizani odwala athu, ndipo muike mtendere m'dziko la Mozambique, makamaka kwa abale athu a ku Cabo Delgado, ndi m'maiko onse oyandikana nafe. Tipatseni zabwino pano pa dziko ndi zabwino ku Aakhirah, ndipo mutitalikitse ku chilango cha Moto. Aamiin.

Inu akapolo a Allah, chitani chilungamo, chitirani zabwino abale anu, ndipo mukumbukireni Allah nthawi zonse. Imirirani, tiongole mizere yathu, tiswali.